Kukasaka mmbulu ndi diso limodzi

Tinatuluka m'nyumba ku Springburn cha m'ma seveni koloko m'mawa wa Loweruka, kunja kukuwaza kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kosatopa. Ine ndinali ndi uta wanga m'thumba lake lalitali. Amuna anga, bambo a Tadala, anali ndi fulasiki, mandasi, komanso nkhope ya munthu woperekeza mnzake kukhoti. Ulendo unali wa kunkhalango ina kuseri kwa mudzi wa Drymen, kukasaka mmbulu.

Ndifotokoze msanga, poti amayi a kumvano atamva anafuna kundisalira kudya. Ku Scotland kuno mimbulu inatha kalekale, ndipo kulasa nyama yamoyo ndi muvi ndi mlandu. Mmbulu wathu ndi wa siponji yolimba ngati labala, waukulu ngati weniweni, ndi mano omwe. Amauimika m'nkhalango pamodzi ndi agwape, nguluwe ndi zimbalangondo za siponji yomweyo, ife n'kumaponda matope kuchoka pa nyama iyi kupita pa iyo, tikuponya mivi. Uta wanga ndi mtengo ndi nsinga basi, wopanda kachitsulo koyezera, ndipo mivi ndi yamitengo, ya nthenga kumbuyo. Ndinayamba masewerawa ana atachoka pakhomo. Sabata yonse ndimathamangira mabelu a okalamba kunyumba yowasamalira kumene ndimagwira ntchito, ndiye m'nkhalango ndi mokhamo mmene mulibe wondiitana. Ndimawakonda kwambiri, ndipo sindichita manyazi kunena.

Chaka chatha diso langa lamanja linazima. Madokotala anayesetsa koma linakana. Woponya mivi amayang'ana ndi diso la mbali imene amakokera nsinga, choncho ndinayenera kutembenuza zonse: uta kudzanja lamanja, nsinga kudzanja lamanzere. Dzanja limeneli kwathu ku Ntcheu sitidyera, sitilandirira kanthu, sitipatsira moni. Linakula pa ulova, ndiye lero ukaliuze kuti ligwire ntchito yaluso! Nyengo yonse yozizira ndinalimbana nalo m'holo ina ku Govan. Tsopano Morag, mphunzitsi wa kalabu yathu, anayenera kundiona m'nkhalango n'kugamula ngati ndingaloledwe kuponyamonso. Ndi bambo a Tadala tinapangana kuti Morag akakana, uta ndiupachika osautsitsanso. Iwo anabwera kudzadzimvera okha chigamulocho, ndipo mbali imene ankapempherera ndinkaidziwa.

Tikiti ya sitima yopita ku Balloch ndi kubwerera sinakwane mapaundi khumi munthu mmodzi. Tinadutsa m'njanji ya pansi pa mzinda, n'kutsika pa Partick kuti tisinthe sitima. Tikudikira, bambo wina wa jekete yantchito anayang'ana thumba langa kuchokera pansi mpaka pamwamba.

"Ukukawedza, hen?" anafunsa. Kuno mkazi aliyense ndi hen, nkhuku yathadzi, ndipo si chipongwe. "Nsomba yake ndi yaikulu bwanji ndodo yonseyi?"

"Ndi uta. Ndikukalasa mmbulu."

Anatembenukira kwa bambo a Tadala. "Pal, ukalakwa kunyumba uzipepesa msanga."

Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Amuna anga anangomwetulira ndi mano apatsogolo okha. Sitima itadutsa mphepete mwa mtsinje wa Clyde, thanthwe lalikulu la ku Dumbarton likuonekera m'nkhungu, anayamba.

"Mayi a Tadala, diso latsala limodzi. Bwanji osangojoina choir kapena gym ngati anzanu?"

"Ku choir munandichotsa ndinu. Munati ndimasokoneza a alto."

"Ndikunena serious. Vuto mukuliona likubwera. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso."

"Miyambi ya mivi musandiuze ine. Mivi ili m'thumba langa."

Ku Balloch basi inali isanafike, ndiye tinalowa m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi siteshoni. Tinagula mabanzi a soseji yaphwatalala, yamakona anayi, imene anthu akuno amaikonda ngati anabadwa nayo. Pothira mkaka mu tiyi ndinathira pambali pa kapu. Diso limodzi limaona zonse bwinobwino, koma silidziwa kuti chinthu chili patali bwanji. Bambo a Tadala anatenga kapepala n'kupukuta tebulo osanena kanthu. Akanandiseka zikanakhala bwino, kukhala chete kwawoko n'kumene kunandipweteka.

Basi yake inali yaing'ono, okwera tinalimo ochepa, ndipo dalaivala ankadziwa aliyense ndi dzina kupatula ife. Msewu ndi wopapatiza, wa mipanda yamiyala uku ndi uku, ndipo kuseri kwa mipandako kuli nkhosa zopakidwa utoto kumsana. Pa Drymen tinapeza Morag akutidikira ndi vani. Ndi mayi wamfupi wa imvi, ndipo mawu amawatulutsa ngati amachita kugula. Anatipatsa moni, nandikumbutsa malamulo pofuna kuti amuna anga amve. Nyama iliyonse ili ndi zikhomo zitatu zokhomedwa pansi. Umayambira pa chikhomo chakutali. Ukaphonya umasendera pa chachiwiri, ukaphonyanso pa chachitatu, basi mivi yako yatha.

"Mapointi ako sindiwerenga," anatero. "Ndikufuna ndione kumene mivi yako ikupita ukaphonya."

Sanachedwe kuona. Gwape woyamba ndinamuphonya katatu. Nguluwe ndinailasa pa chikhomo chachitatu, kumatako, malo oti ikanakhala yamoyo ikanangokwiya. Chimbalangondo chachikulu ngati kabati ya zovala ndinachiphonya ndithu, muvi n'kukathyokera pamwala. Kale nyama zimenezi ndinkazilasa ndikucheza. Tsopano diso linkandiuza kuti nyama ili apa, muvi n'kukagwa uko.

Mwambo wa masewerawa ndi woti muvi ukasowa aliyense amafuna nawo. Choncho bambo a Tadala, injiniya wolemekezeka komanso mkulu wa mpingo, anakhala m'mawa wonse atawerama m'zitsamba zonyowa akufukula ndi kamtengo. Pamenepo n'kuti mamiji atatipeza, tizilombo tating'onoting'ono touluka m'chigulu, toluma kuposa udzudzu. Tinawalowa m'makutu ndi m'kolala. Ankadzimenya mbama okha uku akung'ung'udza kuti udzudzu wa ku Nsanje uli ndi ulemu chifukwa umayamba waimba. Ine matope anali atafika m'mawondo, koma sindikanadandaula. Walira mvula walira matope.

Mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Nditaphonya nkhandwe kawiri ndinapsa mtima, ndinasolola muvi wachitatu mwaukali n'kuponya ndisanaime bwino. Nsinga inandikwapula pamkono mpaka misozi inalengeza. Morag anayang'ana mkonowo, kenako ine.

"Muvi wapita wapita," anatero. "Iwe ukuponya wachiwiri ukadali kukangana ndi woyamba."

Ndinasisita mkonowo. Zinali zoona. Muvi uliwonse ndinkauponya ndikuganiza za dzanja lamanja limene silikanaphonya, ndi za diso limene kulibe.

Masana tinakumana ndi oponya ena m'kanyumba kamatabwa pakati pa nkhalango. Kunali supu wa mphodza wotentha ndi buledi. Mandasi anga anatha ndisanatsegule fulasiki, mkulu wina mpaka anabisa awiri m'chipewa. Bambo a Tadala anandikokera pambali.

"Pali bus ya thuu koloko," ananong'ona. "Mwayesetsa. Palibe amene angakusekeni."

"Sindinafike pa mmbulu."

"Mkono watupa uwo."

"Watupa wamanja. Wokoka nsinga uli bwinobwino."

Titabwerera m'nkhalango ndinasintha kachitidwe. Ndikaphonya ndinkatsitsa uta, kuyang'ana pamene muvi wagwa, n'kudziuza kuti wagwa pafupi kapena wapitirira, basi, osawonjezera mawu ena. Kenako ndinkayenda pang'onopang'ono kupita pa chikhomo chinacho. Kuphonya sikunathe, koma mivi inayamba kugwa m'mphepete mwa nyama m'malo mokasowa m'tchire. Mbuzi yam'phiri ndinailasa ndi muvi wachiwiri. Gwape wina ndinamulasa ndi woyamba, paphewa penipeni, ndipo ndinamva amuna anga akuti "Eya!" asanadzigwire pakamwa.

Mmbulu unali kumapeto. Amauimika kutsidya kwa kamtsinje, pachitunda, pakati pa mitengo ya makungwa oyera, mutu utazolika ngati ukununkhiza. Kale unali nyama yanga. Ena onse ankauopa chifukwa kamtsinjeko kamanamiza maso, koma ine ndinkaulasa ndi muvi woyamba, mpaka a m'kalabu ankati ndinaudyetsa mankhwala.

Muvi woyamba unagwa pafupi, m'gombe la kamtsinje. Ndinapuma, ndinasendera. Wachiwiri unadutsa pamwamba pa msana, pafupi kwambiri moti nthenga zinakhudza. Ndinasenderanso. Pa chikhomo chachitatu ndinaima bwino, ndinakoka nsinga mpaka chala chinafika pakona ya mlomo, ndipo kwa nthawi yoyamba chizimireni diso lija ndinamva thupi lonse likugwirizana. Ndinadziwa kuti uwu ulasa.

"Imani!"

Anali mawu a bambo a Tadala, m'Chichewa, okuwa ngati a munthu woona mwana akulowa pamsewu. Morag nayenso anakuwa, koma iwo ndi amene anatsogola. Zala zinafuna kutaya nsinga. Ndinazikaniza, ndinabweza nsinga pang'onopang'ono, muvi n'kuloza pansi. Pamenepo m'pamene ndinamuona: galu wakuda wa makutu akugwa, atatulukira kumanja kwanga, ali kale pa miyendo ya mmbulu akununkhiza. Pambuyo pake panabwera mayi wina akuthamanga ndi chingwe m'manja, akupepesa. Ankayenda ndi galu wake kunja kwa mpanda, galuyo n'kumupulumuka.

Galuyo anawoloka chitunda chonse, poyera, masana, ine osamuona ngakhale mthunzi. Anadzera mbali imene kwa ine kulibe kanthu.

Mayi uja atachoka ndi galu wake, Morag anati, "Ukadali ndi muvi umodzi. Ukhoza kuusiya."

Sindinausiye. Sindinachoke ku Springburn m'mamawa kuti ndibwerere ndi muvi m'manja. Ndinatembenuza mutu wonse kuyang'ana kumanja, ndinafunsa ngati kuli bwino, onse awiri anavomera. Ndinakoka, ndinaponya. Muvi unadutsa pansi pa mimba ya mmbulu n'kuzika m'dothi. Ndinaphonya katatu, ndipo chodabwitsa n'chakuti sindinapse mtima. Ndinangowoloka kamtsinje kukazula mivi yanga.

Morag anagamula tili pomwepo, pafupi ndi mmbuluwo.

"Dzanja lako ndilibe nalo vuto, lizolowera. Waphonya kwambiri koma palibe muvi wapita kolakwika, ndipo utamva mawu watsitsa uta. Ambiri amangotaya nsinga ndi mantha. Koma galu uja sunamuone. Wekha sindingakulole. Ungaponye m'nkhalango pokhapokha pali munthu wako woima kumanja kwako nthawi zonse, ntchito yake kuyang'ana basi. A m'kalabu sindingawadalire, aliyense mutu wake uli pa mivi yake."

Sindinayang'ane amuna anga. Iwonso ankayang'ana mitengo.

Tinakwera basi yobwerera ku Balloch. Ndinkawerengera m'mutu anthu amene ndingawapemphe. Ana ali kutali, ndipo amayi a kumvano sangasiye Loweruka lawo kudzadyedwa ndi mamiji. Panatsala munthu mmodzi, yemweyo amene chaka chonse wakhala akupempherera kuti uta uchoke m'nyumba. Morag anali atanena mawu akuti sindingakulole, ndipo malinga ndi pangano lathu amenewo anali okwanira. Kupempha sindimatha, ndinabadwa choncho.

Sitima itanyamuka ndinaganiza zongomaliza nkhaniyo ndekha.

"Pangano ndi pangano, bambo a Tadala. Uta ndikaupachika."

Nkhope yawo inali itatupa timatuza ta mamiji aja.

"Galu uja ndinamuona akadali kumpanda," anatero. "Ndinkadikira kuti mumuona. Simunamuone."

"Ndikudziwa."

"Mtima wanga unaima. Koma m'mene munakokera uta pamenepo, chaka chonse chino sindinakuoneni mutaima choncho." Anakanda khutu. "Ndiye mwati zimachitika every Saturday?"

"Kawiri pamwezi."

"Loweruka loyamba ndimakhala ku men's fellowship. Enawo ndilipo." Anandiloza ndi chala. "Koma ndikati imani, muziima. Osati ngati kunyumba."

Ndinatembenukira kuwindo kuti asandione. Ndinachoka m'mawa ndikuganiza kuti chovuta kwambiri ndi kuphonya, koma kuphonya ndinakuzolowera tsiku lomwelo. Chovuta chinali kuvomera kuti pali mbali ya dziko imene sindidzaionanso, ndipo kuti ndipitirize kuponya, wina ayenera kundionera. Kunja mtsinje wa Clyde unkadutsa, nyumba za mzinda zikuyamba kuchuluka. Diso lakufa lija, loti silitha kuona galu masana, misozi yokha linkatulutsa mofanana ndi linzake.