Khungu la Namasamba M'kope Langa

Kope langa la sayansi la Sitandade 4 linali ndi chikuto chong'ambika pangodya, ndipo pakati pake, pamene pamakhala timawaya tiwiri togwira mapepala, ndinabisapo khungu la njoka. Linali khungu lofundula, lopepuka ngati makoko a anyezi, lotalika kuchokera kuchala changa mpaka paphewa. Ndinalipinda katatu kuti likwane. Ukaliyang'ana padzuwa unkaona mamba onse ali m'mizere, ndi timagalasi tiwiri pamene panali maso. Ndalakwapo zambiri pa moyo wanga, koma ndikamasowa tulo chimene chimandibwerera ndi kakhungu kameneko.

Khungulo linali la imodzi mwa njoka za amalume, mlongo wawo wa amayi. Anafika kumudzi kwathu, kunsi kwa mapiri a ku Dowa, mvula yoyamba itangogwa, atakhala ku Joni zaka zambiri moti ine ndinkangowamvera mbiri. Anthu ankayembekeza njinga, wailesi ndi malata. Iwo anatsika minibasi ndi kachikwama kamodzi, chifuwa chosatha ndi khutu limodzi logontha. Mkazi analibe, mwana analibe. Ku Joniko sanali kumigodi ngati anzawo, ankasesa m'makola a njoka pamalo ena pamene anthu amapita kukaona nyama. Amayi anawauza tsiku loyamba lomwelo kuti zimenezo asamazinene pagulu. Bambo anali atatisiya kalekale, ndiye amayi anakondwa kuti pakhomo pabwera mwini mbumba, munthu woti azikatiimirira pamilandu ndi pamaliro. Anawasesera kanyumba kamene tinkasungiramo mtedza.

Khasu linawakanika. Akalima mizere iwiri ankakhala pansi n'kumatsokomola mpaka misozi. Masiku ambiri ankangokhala pakhonde, chakudya n'kumangochitosa, maso ali kuphiri. Ine ndinkawaopa, ndipo kunena zoona ndinkawanyoza pang'ono mumtima, chifukwa anzanga ankandiseka kuti amalume anga anabwera ndi chifuwa chokha.

Tsiku lina ndili mumtengo wa mango ndinagwira nthambi, nthambiyo n'kuyenda. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Amalume anabwera mosathamanga, anayang'ana m'masamba, n'kulowetsa dzanja ngati akuthyola bango. Anatulutsa njoka yobiriwira, yowonda ngati chala, maso akuluakulu. Inazungulira pamkono pawo n'kumatulutsa lilime.

"Ndi namasamba uyu. Alibe ululu. Ndi wamantha kuposa iwe," anatero.

Aka kanali koyamba kuwaona akuseka.

Mlungu umenewo anaphwasula chitseko chakale n'kukhoma bokosi loimirira, lotalika ngati ine, kutsogolo kwake n'kuikako waya wa pawindo wotchinga udzudzu. Ndinawafunsa chifukwa chake sanaligoneke pansi ngati khola la nkhunda. Anati njoka ya mumtengo ukailanda pokwera imakana kudya mpaka kufa. Anaimikamo nthambi za mango ndi za mpoza, zina zopingasa, ndipo masamba akafota ankasintha. Madzi sankaika m'mbale. Ankaviika katsache ka udzu m'chitini n'kuwaza pamasamba m'mawa ulionse, chifukwa njokazo zimamwa madontho ngati mame. Chaka chisanathe zinali zitatu. Bokosilo linkakhala kuseri kwa chigafa cha fodya, pakati pa nthochi, pamene munthu wodutsa panjira sakanaliona.

Ntchito yanga inali ya chakudya. Ndikaweruka kusukulu ndinkatsikira kudambo ndi chitini chobowola pamwamba, kukagwira tiachule timene timamatirira pamabango, ndipo madzulo tinkatola analimata pakhoma la khitchini. Mpaka lero fungo la matope a kudambo ndi masamba a nthochi ovunda limandiimitsa panjira. Amalume anandiphunzitsa kuti maso a njoka akachita mbuu ngati mwalowa mkaka, ndiye kuti ili pafupi kufundula, usaigwire, usaipatse chakudya, ungowaza madzi ambiri. Ankalankhula nazo motsitsa mawu m'chinenero chimene sindinkachimva. Anayamba kumaliza mbale yawo, anayamba kuimba likhweru, tsiku lina mpaka anapalira munda wa mtedza theka lonse.

Amayi ankadziwa. Ankati, "Achimwene, kuno si ku Joni." Koma ankaonanso kuti mlongo wawo wayamba kuoneka ngati munthu, ndiye ankangopukusa mutu n'kupita kukasinja. Lamulo linali limodzi, ndipo amalume anandiuza atandigwira phewa: khungu lililonse lofundula tizilikwirira patsinde pa nthochi, ndipo za bokosi zithere pakhomo pompano. Ndinavomera ndi mutu, monga mwana amavomerera chilichonse.

Kusukulu tinali ana ambiri m'kalasi imodzi, tokhala pansi miyendo yopanikizana. Aphunzitsi sankadziwa dzina langa. Ankanditchula kuti "iwe wa kukhomako". Tsiku lina pophunzitsa za nyama zokwawa anafunsa ngati alipo amene anaonapo khungu limene njoka yafundula. Manja angapo anakwera, koma anati mawu okha sakwanira, sayansi imafuna kuona ndi maso. Mawu amenewo anandiyabwa masiku atatu. Njoka yaikulu ija itafundula, amalume anandipatsa khungu kuti ndikakwirire. Ndinakumba kadzenje, ndinakwirira dothi lokha, khungu n'kulowetsa m'kope.

Aphunzitsi analinyamula ndi zala ziwiri n'kulitambasula pawindo kuti onse aone. Anafunsa dzina langa, analitchula kawiri, n'kuuza kalasi kuti indiwombere m'manja. Kalanga ine, mmene ndinakomedwera! Kenaka anafunsa kumene ndinalitola. Mwana wanzeru akanati kutchire, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinaimirira chilili, chifuwa patsogolo, ndinati amalume amaweta zitatu m'bokosi, ndipo wozidyetsa ndine.

Mnzanga amene tinkakhala moyandikana anasuntha miyendo yake kuti isakhudze yanga. Aphunzitsi anapinda khungu msangamsanga, anandibwezera, n'kunena kuti titsegule tsamba lotsatira. Sindiwaimba mlandu. Anali munthu wobwera, koma anadziwa nthawi yomweyo chimene ine sindinkachidziwa.

Kwathu munthu woweta njoka amatchedwa wokhwima. Amati njokayo imamukokera chuma usiku, ndipo iye amailipira ndi magazi a ana. Chuma chake chiti, munthu wa thalauza imodzi yosoka pamaondo? Funso limenelo ndimalifunsa ine lero, ndili mayi wa ana akuluakulu. Nthawi imeneyo palibe analifunsa. Pofika Lamlungu, amayi anakhala okha pabenchi yonse kutchalitchi. Pobwerera anathyola kamtengo ka mpanda, n'kundikokera kuseri kwa nyumba. Amalume anatuluka m'kanyumba kawo.

"Musiyeni mwanayo, mlongo wanga. Khungulo ndinamupatsa ndine kuti akaonetse aphunzitsi."

Linali bodza. Anandiyang'ana kamodzi kokha, osakwiya. Amayi anataya kamtengo kaja n'kutembenukira kwa iwo, ndipo zimene anawanena sindingazilembe. Ine ndinangomva kupepukidwa kuti sindimenyedwa. Ndinadya bwino tsiku limenelo, ndipo ndikakumbukira zimenezi ndimadziipira.

Mwina zikanazizira. Koma patapita milungu iwiri mng'ono wake wa mnzanga uja, kamnyamata ka zaka zitatu, kanatentha thupi n'kumwalira ali nako panjira ya ku Boma. Anali malungo, dzinja lililonse ankatenga ana. Koma wina anakumbukira kuti kamwanako kanadya bango la mumtengo wathu, ndipo anakapatsa ndi amalume.

Maliro n'kulirana. Kwathu mawu amenewa ali ndi ntchito yake: mwamuna aliyense amatenga khasu kupita kumanda kukathandiza adzukulu, amene amakumba, ndipo mayi aliyense amasenza mbale ya ufa ndi nkhuni kupita kusiwa. Sufunsa ngati munkagwirizana ndi ofedwawo. Umapita, chifukwa mawa chili pa iwe. Amalume anatenga khasu m'mawa, ndi chifuwa chawo chomwecho. Atafika, amuna amene anali m'dzenje anatuluka mmodzimmodzi n'kukhala pansi. Anakhala choncho mpaka amalume anatembenuka n'kubwerera. Amayi anafika kusiwa, anatula mbale yawo pamene anzawo ankatula. Masana mayi wina anaibweretsa kwathu, ufa uli momwemo, nsalu yovundikira ili yomanga mfundo yomweyo imene amayi anamanga. Anaiika pakhonde n'kuchoka osapereka moni.

Ine ndinaganiza kuti mwina ufa unachuluka. Amayi anakhala pansi moyang'anizana ndi mbale ija nthawi yaitali. Kubweza ufa wa pamaliro n'kukuuza kuti tsiku lako likadzafika udzalira wekha, udzakumba wekha. Ndinawamva akuuza amalume kuti, "Mwana uyu akadwala mawa n'kutisiya, ndidzamukumbira ndi zala? Inu munabwera kudzatiimirira kapena kudzatifotsera?"

M'mawa mwake amalume ananyamula bokosi lija, akupumira m'njira, n'kukaliika pamphambano pamene anthu amadutsa popita kumjigo. Anthu anasonkhana chapatali. Anafotokoza kuti njokazi zilibe ululu, zimadya achule, ndipo aliyense angathe kuzipeza mumtengo wake wa mango. Chifukwa cha khutu lija ankalankhula mokweza kuposa mmene ankafunira. Kenaka anatsegula, anatulutsa yoyamba. Inazungulira pamkono pawo monga inkachitira m'mawa ulionse, mutu uli m'mwamba, ikudikira madzi. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti, "Mwaona mmene ikumumvera?"

Anaigoneka pachitsa n'kuidula ndi chikwanje. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, yaikulu ija, anaisisita kaye ndi chala kuyambira kumutu mpaka kumchira. Michira inkaphiriphitabe m'fumbi, ndipo mtundu wobiriwira uja unayamba kuthimbirira ndikuona. Ndinalira mokweza, koma palibe anandiyang'ana. Amalume anapukuta chikwanje pa udzu n'kuimirira, akudikira kuti wina anene kanthu. Anthu anangobalalika. Madzulo ake nkhani inali yoti wavomera yekha, nanga akanaziphera chiyani akanakhala wosalakwa, ndipo zenizenizo wazibisa kwina.

Anakhala nafe milungu ina itatu. Likhweru linatha, mbale inayambanso kubwerera yodzaza. Kumjigo amayi akafika, anzawo ankachotsa ndowa zawo pamzere. Sindinamve amayi akuwauza kuti achoke, koma anasiya kuwatchula achimwene, ankangoti "iwo aja". Tsiku lina m'mawa, chimanga chitayamba ngayaye, amalume anatuluka ndi kachikwama kaja. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Ndinkafuna kunena za khungu, koma minibasi inabwera. Anangondigwira pamutu n'kunena kuti ndizilimbikira sayansi.

Sitinawaonenso. Tinamva kuti akulondera pakhonde la sitolo ina kumsewu waukulu. Nyengo yozizira itafika chifuwa chija chinawatenga, ndipo uthenga unatipeza ataikidwa kale ndi anthu osawadziwa. Mwini mbumba wathu, manda ake sindikuwadziwa mpaka lero. Ndinayesapo kufunsa nditakula, koma amene anakumba anali ataiwala. Amayi sanadziwe kuti khungu lija ndinaba. Ndinakhala ndi zaka zambiri zoti ndiwauze, koma ndinkaopa kuti akadziwa kuti anakwiyira mlongo wawo pa bodza londitchinjiriza ine, sakanapirira. Mwina ndikudzinamiza. Mwina ndinkangoopa ndekha.

Koma uthenga wa imfa yawo usanafike, patangotha mwezi chichokereni, m'mudzi munagwa maliro ena, a mkulu wina amene anadwala nthawi yaitali. Amayi anathira ufa m'mbale ija, anamanga nsalu, anaima pakhomo kanthawi, kenaka anasenza n'kupita. Ndinawadikira pakhonde tsiku lonse. Dzuwa litapendeka ndinawaona akubwera, mbale ili m'khwapa, yopanda kanthu, nsalu ili paphewa. Ndinathamanga kukawachingamira ndikudumpha.

"Amayi, alandira! Alandira!"

Anandidutsa, anapita kuseri kwa chigafa kumene bokosi lija linkakhala, anakhala pansi pakati pa nthochi, mbale ili pamiyendo, n'kuyamba kulira. Kunali kulira kwa pamaliro, kotchula munthu, "mlongo wanga ine, mlongo wanga ine", pamene munthuyo anali akadali moyo kwinakwake pakhonde la sitolo. Ndinaima ndikuwayang'ana, wosokonezeka. Ufa alandira, anthu atikhululukira, nanga cholirira n'chiyani?

Ndinawasiya akulira. Ndinakatenga bokosi lija kumene linatayidwa, ndinaliimika, ndinakwera mumtengo wa mango kukathyola nthambi zamasamba atsopano. Ndinaviika katsache m'chitini n'kuwaza madzi. M'mutu mwanga nkhani inali yatha bwino, chotsala chinali choti amalume amve kuti ufa walandiridwa, akwere minibasi, abwere. Sindinkadziwa kuti ufawo anaulandira chifukwa iwo kunalibe.