A Paxton Sachotsa Munthu Ntchito

Bambo Paxton Chimbalanga anagwira ntchito mu unduna wina ku City Centre mpaka imvi mbuu, ndipo amanyadira kuti sanachotsepo munthu ntchito. Kalaliki akapezeka ataledzera mu ofesi ankamusamutsira ku Nsanje. Akakaledzeranso kumeneko, ulendo wa ku Chitipa.

A Paxton atapuma pa ntchito, mzungu wina wa ku Area 10 amene ankabwerera kwawo anawasiyira thanki yagalasi ya madzi amchere. Munali makorali awiri, zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati zomera. Wina anali wolimba ngati mwala, wa nthambi zobiriwira, ndipo ndi ameneyu anawatenga mtima. Winayo anali wofewa ngati bowa, wongovinavina m'madzi.

Thankiyo inakhala pabalaza kunyumba kwawo ku Area 43. Mchere wake ankauitanitsa kwa Shabir wa sitolo ku Old Town. Magetsi akazima jenereta inkalirira thankiyo, nyama ikusungunuka mu furiji.

Kenaka nsonga za wolimba uja zinayamba kuyera, chizindikiro choti akudwala. A Paxton anafufuza pa foni n'kupeza chifukwa: wofewa amatulutsa poizoni m'madzi kuti mnzake asakule.

"Ndiye mumuchotsetu," anatero akazi awo, a Eveless.

"Amayi, munthu sachotsedwa musanamve mbali yake."

"Ali ndi pakamwa ameneyo?"

"Pambirimbiri. Ndawerenga."

Anamusamutsira ku ngodya yakumanzere. Kuyera sikunasiye. Anamupititsa kumanja, kenaka kumbuyo kwa pampu. Tsoka lake, paliponse pamene ankamumatula pankatsala kachidutswa, ndipo kachidutswako kankamera. Posakhalitsa wofewa anali ndi nthambi m'zigawo zonse za thanki, chinthu chimene unduna wawo unachilephera.

A Paxton anasiya kupita kokacheza. Ankaima pagalasi manja ali m'chiuno, n'kumakalipa.

"Ndakupatsa malo ako! Ukufunanso chiyani, iwe?"

Atasowa pogwira anamanga mpanda wa timiyala pakati pa thanki, wautali bwino ngati mipanda ya m'dera lawolo. Unangosowa waya wamagetsi pamwamba.

"Bambo a Chigomezgo," anafunsa a Eveless, "madziwo mwawauza kuti asamalumphe mpanda?"

"Nkhaniyi tikuiunika."

"Ndani akuiunika?"

"Komiti."

Komitiyo anali iwo okha, ndipo inkakumana pambuyo pa tiyi. Pamene inkakumana, kuyera kunkatsika ndi nthambi.

Loweruka lina a Eveless anabwera ndi ndowa yochapira n'kuiika pamapazi pawo. A Paxton anapinda malaya, nkhope ili gwa, n'kuzula wofewa ndi ana ake onse, n'kuwaika m'ndowamo ndi madzi amchere.

"Sindinamuchotse," anatero. "Ali pa tchuthi chokakamizidwa."

Koma zinali zitachedwa. Sabata isanathe wolimba uja anali atayera yense ngati choko. A Paxton anamutulutsa, n'kumuumitsa padzuwa, n'kumuika pashelefu pambali pa satifiketi yawo yogwira ntchito mokhulupirika. Tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake a Eveless anawapeza akubwezera wofewa mu thanki, pakatikati penipeni, pamene panali wolimba.

"Ameneyu si amene wapha mnzake?"

"Ndi yemweyo," anayankha a Paxton, osatembenuka. "Koma pampando palibe munthu, ndipo iyeyu ndiye wakhalitsa."