Angelo Kapena Ndowe

Chaka chimene apongozi anga aamuna anabwera kudzacheza kwathu ku Laurel, kutsidya kwa nyanja, mwana wathu wamkazi anali ku sekondale ndipo ankaphunzira mbiri ya ku Ulaya. Apongoziwo anali katekisiti wa Chikatolika wopuma pantchito. Ine ndinakulira mu Chipresibiteriyani, ndipo ngakhale ndinakwatiwa ndi mwana wawo, mpingo sindinasinthe. Nkhani imeneyi sitinkaikamba.

Loweruka lina tikudya, mwanayo anatiuza zomwe anamupatsa kuti akafotokoze m'kalasi. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi chothamanga, choncho bambo ake ndiwo ankamasulira. Anati kalekale mumzinda wa Prague, Apulotesitanti sanafune mfumu yatsopano ya Chikatolika. Analowa m'nyumba yachifumu, nakwera pamwamba, n'kuponya nduna ziwiri ndi mlembi wawo pawindo. Nkhondo yomwe inabuka pamenepo inatenga zaka makumi atatu.

Apongozi anasiya kudya. "Anafa?"

"Ayi, onse anapulumuka," anatero mwamuna wanga. "Akatolika amati angelo anawawakha. Enawo amati anagwera pamulu wa ndowe."

"Ndi angelo," anatero apongozi.

"Ndowe ya akavalo imakhala yofewatu, bambo," ndinatero ine.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundiyankhula. Akafuna tiyi ankauza mwana wawo kuti, "Tawafunse amake mwanayu ngati Mkatolika akuloledwa kumwa tiyi pakhomo pano." Masana ndinkawapeza ataima pawindo la kuchipinda cham'mwamba, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi pomwe timaimika galimoto.

Mlanduwu unafika mpaka kwa mnansi wathu, Msilamu wa ku Mangochi yemwe ankayendetsa takisi. Apongozi anamusankha chifukwa analibe mbali. Iye anamvetsera zonse, anamaliza tiyi wake, kenako anati, "Bambo, za ku Ulaya zanuzo musandilowetsemo. Amene adzaponyedwe pawindo ndi ine."

Tsiku loti mwanayo afotokoze, aphunzitsi anatiitana ife makolo kusukulu. Apongozi anavala suti ndi tayi, nakhala kutsogolo. Mwanayo anafotokoza bwino za mfumu, za nduna ndi za windo. Atafika pa kupulumuka kuja, anatchula angelo, anatchula ndowe, kenako anati akatswiri ena amakhulupirira kuti anthuwo anapulumuka chifukwa anavala majasi okhuthala ndipo khomalo linali lotsetsereka.

Apongozi anakweza dzanja. Anaimirira, namanga batani la jekete, n'kufunsa aphunzitsi m'Chingerezi chawo cha kumishoni ngati akatswiriwo analipo tsikulo. Aphunzitsi anati sanalipo. Anafunsanso ngati aphunzitsiwo anayesapo kudumpha pawindo atavala jasi. Anati sanayesepo. Apongozi anathokoza, nakhala pansi. Mwanayo anali atabisa nkhope m'mapepala ake.

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Titaima pamaloboti, apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana ine mwiniwake.

"Mayi, mwamva? Akuti majasi."

"Ndamva, bambo."

"Inu mwavomereza?"

"Ayi, bambo. Jasi silingapulumutse munthu."

"Sukulu zakunozi," anatero, akupukusa mutu.

Mwanayo anakhoza, ngakhale aphunzitsi analemba kuti anapitirira nthawi yake. Anatilumbirira kuti agogo ake sadzapondanso pasukulupo, ndipo chaka chotsatira anasankha phunziro la zachuma.