Pakamwa posongoka, powawasa

Chingwe chija chinali choyera, cha mfundo zotalikirana mofanana. Atchaina ankachikoka pamatope a sikimu ya Likangala kuti amayi ndi anzawo aziwokera mpunga m'mizere, mbande pa mfundo iliyonse. Dzinja limenelo ndinachigwira kwambiri kuposa pensulo.

Ndinkathawa sukulu chifukwa cha pakamwa pa aphunzitsi. Sankamenya kawirikawiri, ankadziwa pena popweteka. Ndikalakwa samu ankandiimika kutsogolo n'kuuza anzanga kuti ndikununkha matemba, ndipo ndidzathera m'madzi ngati bambo anga, amene anamira pa Chilwa. Anzanga ankaseka. Mpaka lero ndimati bola ndodo.

Mwa Atchainawo munali mkulu wina wowonda, wa Chinyanja chothyokathyoka. Ankati kwawo amalankhula Chikantoni, chimene ngakhale anzakewo sankachimva bwino. Tsiku lina aphunzitsi anabwera panjinga kudzandifuna. Anaima pouma, nsapato zili waliwali, amayi ali m'matope mpaka m'mawondo, misundu ikuwayamwa. Anawauza pamaso pa anthu kuti mkazi wamasiye wosadziwa kulemba dzina lake sangalere mwana. Amayi anangoti, "Zikomo aphunzitsi, mawa abwera."

Njinga itapita, mkulu uja anang'ung'udza, "Jim-sun hak-bok." Ndinamuumirira mpaka anandimasulira, akupinda zala: chosongoka, chowawasa, chocheka, chopyapyala. Anati ndi mmene kwawo amatchulira pakamwa potero. Ananena motsitsa mawu, akuyang'ana matope. Ine zimenezo sindinazisamale. Chinandigwira n'chakuti kutsidya kwa nyanja zazikulu anthu anali atawadziwa kale aphunzitsi anga, mpaka kuwapatsa dzina.

Ndinagona nawo mawuwo, ndinadzuka nawo, ndinawatafuna njira yonse ya kusukulu. Ankandiyabwa pa lilime. Nditangolowa, aphunzitsi anafunsa ngati nsomba zandimasula. Ndinawayang'ana m'maso n'kutchula mawu aja mokweza. Anafunsa tanthauzo, ine n'kupinda zala monga ndinaphunzitsidwira, chimodzichimodzi, osafulumira.

Sanandimenye. Anati nditenge mabuku anga ndisadzapondenso pamenepo. Madzulo anatumiza uthenga kwa amayi kuti mwana wonyoza akuluakulu m'chilankhulo chachilendo, nkhani yake itafika kwa achipani, mlandu sungakhale wa mwana yekha. Masiku amenewo mawu otero ankakwanira. Amayi sanapite kukapepesa, ndipo sindiwaimba mlandu. Amene ndimawaimba mlandu akudziwika.

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuimba likhweru, ndikuyesa kuti ndapambana. Amayi sanakalipe. M'mawa mwake anapita kwa amalume n'kubwera ndi khasu. Analiimika pambali panga, anaika chala pampini pamene panafika phewa langa, n'kudula pomwepo ndi chikwanje. Ndinakondwera kukhala ndi khasu langalanga, ndipo ndinadabwa kuti bwanji amayi akudula mpini atatembenuzira nkhope kumbali.