Khonje wa kuseri kwa chulu

Chaka chimene mvula inadula chimanga chisanamasule, ine ndi mkazi wanga tinkakangana chifukwa cha khonje. Khonje weniweniyu, amene kwathu ku Lirangwe timangobzala m'malire a munda n'kumuiwala.

Ndinali mkamwini ku Chileka. Pofika Okutobala mjigo wapafupi unali utaphwa, madzi tinkakatunga kutsidya kwa msewu wa kubwalo la ndege. Mkazi wanga anali woyembekezera kachiwiri. Mwana woyamba anabadwa osalira, azimayi n'kukamuika okha monga mwa mwambo, ine sindinafunse kanthu. Ndiye mkazi wanga, munthu wotopayo, miyendo ili yotupa, ankapungula madzi athu akumwa kukathirira khonje mmodzi kuseri kwa chulu, kumapeto a munda wa apongozi. Zinkandiwawa. Ndinamufunsa ngati anamvapo kuti khonje wafa ndi ludzu.

Anandiyankha osandiyang'ana: "Ameneyu akauma, nanenso ndauma."

Popita kuchipatala kukadikirira, anandipempha kuti ndizithirira ndine, koma ndisauze mayi ake. Ndinavomera pakamwa pokha. Masiku anayi sindinapondeko, ndikuti zamkutu, ine ndine bambo, osati wantchito wa khonje. Tsiku lachisanu kunabwera uthenga woti wayamba kutaya magazi, ndipo anamwino akuti tidikire. Ndinanyamula chigubu dzuwa lili paliwombo.

Ndinapeza khonje atakwinyika, masamba akunsi atagona pansi, nsonga zitapsa. Kunali zii, ngakhale nyenje zinali chete. Ndinapalasa dothi mozungulira tsinde kuti madzi asathawe, n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono. Madzi sanaime. Ankangolowa, ndipo pansipo pankamveka kuti kwiti, kwiti, ngati khanda likuyamwa. Ndikaleka kuthira, phokosolo linkalekanso. Ndinadziuza kuti ndi mauna a chiswe. Ndinathira chigubu chonse, koma nditagwira dothi, dzanja linabwera ndi fumbi.

Ndisaname, ndinachita mantha, ndipo ndinafuna kuliyatsa liwiro. Potembenuka ndinaona apongozi aakazi ataima patali, m'manja muli kandowa. Sanandipatse moni, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirire ine pamudzipo. Anandiuza motsitsa mawu kuti mwamuna safika pamenepo. Mwana wobadwa osalira saikidwa mozama, anatero, ndipo pamene wagona pakauma, mayi wake saberekanso wamoyo. Anandiyang'ana kumapazi nthawi yaitali.

"Sunthani, bambo. Mwamuponda mwana wanu."

Ndinasuntha. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, apongozi akuthira madzi awo osandiyang'ananso. Kenaka ndinatola chigubu, ulendo wa kumjigo. Tsiku limenelo ndinabwererako katatu, ndipo ulendo wachitatu m'pamene dothi linavomera kunyowa.