Mwala Womwe Ndinabisa M'tsaya

Ndinaphunzira kuwerenga mutu uli kale mbuu ndi imvi, m'kalasi ya akuluakulu ku Chidzolomondo. Chaka chatha mwana wanga wamkazi ananditengera ku muzeu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, ku Maputo, akuti ndikaone phindu la maphunziro angawo.

Tinayambira ku miyala. M'galasi munali mwala wachikasu wonyezimira, wofanana ndendende ndi umene ndinatola kalekale, tikusefa mchenga mumtsinje kufunafuna golide ndi mng'ono wanga. Tinali titapangana kugawana chilichonse, koma ine ndinaubisa m'tsaya. Iye anaona, ndipo mwezi womwewo anapita ku Beira kukagwira ntchito m'mabwato a asodzi. Sanabwerenso. Mwalawo sindinaugulitse poopa kuti anthu adziwa, ulipobe m'kachitini pansi pa bedi.

"Werengani nokha, bambo," anatero mwana wanga. "Si munapambana mayeso inu?"

Ndinawerenga pang'onopang'ono, chala chili pagalasi. Chikwangwani cha m'galasimo chinati mwala umenewu si golide, umangopusitsa osadziwa.

"Mwamva bwino?"

"Ndamva. Aphunzitsi aja anagwiradi ntchito."

Kenako tinakaona za m'nyanja yamchere: mafupa a namgumi, akamba aakulu kuposa lichero, nsomba zamano ngati sowo. Mwana wanga anafunsa ngati bambo ake aang'ono ankaziona zamoyo zimenezi. Ndinati mwina. Ndiyeno ndinamupempha kuti tikhale pabenchi, ndimuuze chimene chinawachotsa pamudzi. Mpaka tsikulo ankadziwa kuti anathawa njala, poti ndi zomwe ndinamuuza ine.