Chiliza cha Esnati chili pa manda a eni

Abale, mwadzuka.

Dzulo Loweruka, 3 koloko masana, Esnati, mwana wa achemwali wa masewero a pa TV uja, anafika ku Thuchila ndi amisiri komanso ojambula. Akuti ndalama za buku lake wagulira chiliza cha agogo Nasiyani, amene anamwalira m'ma 1950.

Sanafunse aliyense. Wachiika pa manda a bambo awo a Mulipa, anzathu a m'mudzi momwemu aja. Agogo agona chapambali, pamene pali mbale yadzimbiri ija amayi ankatisonyeza.

Nditamudzudzula, anati, "Amalume, tajambula kale. Adziwa ndani?"

A Mulipa adziwa. Lero m'mawa ndapita ndi nkhuku kukapepesa mlandu umene sindinapalamule. Alandira, koma akufuna Esnatiyo adzachotse yekha mwalawo pofika Lachisanu. Foni yanga sakuyankha. Amuuze ndani?